Bambo Lam Ankangoona Nsapato Zanga

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Abusa andipatsa mphindi khumi. Ndikuona ena kumbuyoko mwayamba kale kuseka, chifukwa mukudziwa kuti mphindi khumi za Yamikani zimakathera Lachiwiri. Lero ndiyesetsa.

Kwa amene simundidziwa, ndine Yamikani, kwathu ndi ku Ndirande. Anyamata a ku Ilford, kumene ndimakhala kuno kwa azungu, amanditchula Wailesi. Dzinali sindinachite kupempha, ndinaligwirira ntchito. Ine nkhani sinkatuluka m'kamwa mwanga mmene inalowera m'maso. Ndikaona galu pamsewu, pofika kunyumba amakhala atasanduka fisi. Basi ikachedwa pang'ono, ndinkati dalaivala anakomoka ndipo ndinaiyendetsa ndine mpaka ku Stratford. Anthu ankaseka n'kumandigulira mowa. Loweruka lililonse ndinkamwa osatulutsa kalikonse m'thumba, malipiro ake anali mabodza basi. Amayi kumudzi ndinkawaimbira pa khadi ya foni ija, n'kumawauza kuti ndimagwira ntchito m'chipatala chachikulu, madokotala achizungu akasowa chochita amadzafunsa ine.

Zoona zake n'zakuti ndinabwera pa viza ya sukulu, ndipo ndinkagwira ntchito ya keya, yoyenda m'makomo kusamalira okalamba ndi odwala. Anandipezera ntchitoyo ndi Anti Nyirenda, akhala apowo mzere wachitatu. Iwo ndi nesi woyendera odwala m'makomo, komanso ndi mnzawo wa amayi anga kuyambira ali atsikana. Andilola kuti ndiwatchule.

Munthu amene anandipatsa kuti ndizimusamalira m'mawa ndi masana anali Bambo Lam. Anali ochokera ku Hong Kong, zaka zawo cha m'ma sikisite, akazi awo anamwalira, ankakhala okha pa fulati ya pamwamba. Kale anali ndi malo ogulitsira zakudya za ku China, zija mumagula n'kukadyera kunyumba. Matenda awo dzina lake lachizungu ndi lalitali ngati sitima ya katundu, sindiyesa n'komwe. Koma zochitika zake ndi izi: mafupa a msana amatupa kwa zaka zambiri, kenako amalumikizana, msana wonse n'kuuma ngati nsungwi. Wawo unauma utapindikira kutsogolo. Khosi silinkatembenuka. Nkhope inkayang'ana pansi nthawi zonse. Anthu ankawadziwira ku nsapato. Ine ndinali ndi nsapato zoyera zimene ndinkazinyadira kwambiri, ndiye ndikangolowa ankati, “Nsapato Zoyera wabwera.” Dzina langa lenileni sanalitchulepo.

Tsiku loyamba Anti anabwera nane. Anatulutsa tepi ngati ya telala n'kuwayeza mimba. Ine ndinaseka.

“Anti, kamimba aka mukuvutika nako? Kwathu uyu timati sanayambe n'komwe kudya bwino. Amalume a ku Limbe aja mimba imalowa m'nyumba iwo akadali pa geti.”

Anti sanaseke. Anandikokera kukhitchini.

“Iwe, tamvetsera. Matenda a msanawa samathera pa msana. Kutupa kuja kumawononganso mitsempha ya magazi. Mankhwala opha ululu amene akumwa amakweza BP. Kuyenda sayenda mokwanira. Ndiye anthu a ku China, mimba ikangotuluka pang'ono, shuga amabwera msanga kuposa mmene amabwerera kwa azungu. Mimba, shuga, BP, mafuta m'magazi, zimenezi zimayenda limodzi ngati mbava. Zikakwana, chimabwera ndi sitiroko kapena mtima. Ine ndizibwera kamodzi pamwezi. Masiku ena onsewo maso anga ndiwe.”

Anandipatsa kamakina koyezera BP ndi buku la chikuto chabuluu. M'mawa uliwonse ndiwasambitse, ndiwaveke, ndiwayeze, ndilembe manambala. Adye phala lopanda shuga. Ayende mpaka pabenchi ya pansi pa fulati n'kubwerera. Zonse ndilembe m'bukumo. Ntchito yake inali imeneyo basi.

Mwezi woyamba ndinachita bwinobwino. Ayi, ndisaname, masabata awiri.

Zinayamba ndi chakudya. Tsiku lina anakankha mbale ya phala n'kunena kuti, “Moyo wanga wonse ndaphikira anthu nyama. Lero ndikudya chakudya cha kavalo.” Anandipempha ndikawagulire tinthu tina ngati mabanzi, m'kati muli nyama ya nkhumba yotsekemera, ndi botolo la zakumwa za shuga. Abale, inu mukudziwa mmene tinaleredwera. Kwathu wodwala sitimumana chakudya. Akangoti ndikulakalaka chakuti, munthu amathamanga, ndipo akadya timati ayamba kupeza bwino. Ndinadziuza kuti ndikuchita chifundo. Koma ndinenenso mbali inayo: iwo ankati ndigule za anthu awiri, ndipo ine ndinali mwana wasukulu wanjala. Chifundo changacho chinali ndi mimba yake.

Kenako kuyenda. M'mawa thupi lawo linkakhala louma, masitepe aliwonse anali ululu. Kutsika n'kukwera kunkatenga nthawi yaitali, pamene ine wodwala wina akundidikira mbali ina ya tawuni. Ankati, “Lero ayi. Undiuze za amalume ako aja.” Ine ndi nkhani, mukudziwa kale. Ndinkawauza za amalume amene anameza wotchi, ndipo mpaka lero mimba yawo imalira sikisi koloko. Ankaseka movutikira, chifukwa nthiti zawonso zinali zouma, kuseka kunkatulukira m'mimba. Ndinkadzimva kuti ndine dokotala woposa onse. M'buku ndinkalemba kuti ayenda.

Tsiku lina mu Okotobala mabatire a kamakina kaja anatha. Ndinakopera manambala a dzulo lake, ndikuti mawa ndigula ena. Mawa lake ndinaiwala. Mkuja ndinaona kuti palibe wafunsa. Kuyambira pamenepo manambala ankachokera m'mutu mwanga. Ndinkawasinthasintha pang'ono kuti azioneka enieni, lero okwererako, mawa otsikirako, koma onse okongola. Ndipo wabodza sakhutira. Ndinayamba kukometsera. “Lero ayenda mpaka kupaki.” “Lero adyetsa nkhunda, asangalala kwambiri.” Munthu amene sanatuluke pakhomo kuyambira nyengo yotentha.

Anti atabwera kumapeto kwa mwezi anawayeza ndi makina awo. Anayezanso mkono winawo.

“Yakwera kwambiri,” anatero.

Ine pakamwa panali patatseguka kale. “Anti, ndi inuyo mumawaopsa. Ngakhale ine BP imakwera ndikangomva nsapato zanu pamasitepe.”

Bambo Lam anavomereza msanga, chifukwa mapilisi ena owonjezera sankawafuna. Anti anatsegula buku, n'kutsitsa chala pa manambala anga, tsamba ndi tsamba. Zimachitikadi kuti munthu BP imakwera akaona nesi koma ali yekha imakhala bwino. Anakauza dokotala zimene anapeza, anamuonetsanso za m'buku. Dokotala anati popeza kunyumba zikuyenda bwino, ndipo munthuyo akudya moyenera komanso akuyenda, adikire kaye asanawonjezere mankhwala. Potuluka Anti anandigwira paphewa.

“Ukugwira ntchito, mwana wa Esnati. Ndiwauza amayi ako.”

Ndinamwetulira. Loweruka lake nkhani imeneyi ndinaifotokoza kumowa, anthu anaseka mpaka misozi. Miyezi yotsatira Anti akabwera, bodza linali lomwelo.

Zizindikiro zinalipo. Mutu unkawapweteka m'mawa. Ludzu silinkatha. Kuchimbudzi pafupipafupi. Thalauza linasiya kutsekeka, ndipo ine ndemwe ndinatenga singano n'kusuntha batani. Ndikusoka ndinawauza kuti, “Mwanenepatu bwana, zikukuyanjani.” Kwathu amenewo ndi mawu oyamikira. Zonsezi m'buku sindinalembemo.

Linali Lachiwiri m'mawa, mu Febuluwale. Ndinafika mochedwa, mutu ukulemera ndi mowa wa dzulo lake. Ndinatsegula ndi kiyi wanga, n'kufuula moni wanga wa masiku onse. Palibe anayankha kuti Nsapato Zoyera wabwera.

Ndinawapeza pansi, pakati pa bedi ndi bafa, atagonera mbali, msana uli chipindikire. Kapeti inali yonyowa. Pakamwa panali patakhotera mbali imodzi. Maso anali otseguka, akuyang'ana nsapato zanga. Anayesa kulankhula koma kunangotuluka mpweya ndi malovu. Sindikudziwa kuti anakhala pamenepo nthawi yaitali bwanji. Pano sindiwonjezera kalikonse, palibe chofunika kuwonjezera.

A ambulansi atafika, mmodzi anafunsa za buku. Anawerenga tsamba lomaliza n'kundifunsa kuti, “Dzulo BP inali bwino chonchi?”

Ndinati eya. Ndinawonjezeranso kuti anadya phala lonse.

Anapulumuka, koma mbali yakumanja yonse inafa, ndipo kulankhula kunapita. Mwana wawo wamkazi, dzina lake Mei, anabwera kuchokera kumpoto kumene amagwira ntchito. Tinakumana pafulati paja akulongedza zovala zopita nazo kuchipatala. Bukulo linali m'manja mwake, maso ali ofiira.

“Bambo anga anapita kupaki?” anandifunsa. “Chimwalirire amayi, anakana kupondako. Ankapita limodzi kukadyetsa nkhunda.”

Ine za amayi ake ndi nkhundazo sindinkazidziwa. Ndinangopeka, bodza n'kukagwera pabala penipeni.

“Zikomo,” anatero. “Ndikawerenga apa ndikumapeza mphamvu. Miyezi yawo yomaliza ali bwino anasangalala.”

Anandigwira dzanja ndi manja awiri. Ine Wailesi ndinangogwedeza mutu.

Masabata atatu otsatira sindikufuna kuwakumbukira. Kamakina kaja ndinakabisa m'chikwama changa kuti wina asadzaone kuti mabatire anafa kalekale, ndipo ndinkayenda nako kulikonse. Ndinkamwa ngakhale pakati pa sabata, tsopano ndekha. Anyamata akati, “Wailesi, tatiuza imodzi,” ndinkayamba, koma pakati pa nkhani ndinkaona kapeti yonyowa ija. Ndikakwera basi ndinkangoyang'ana pansi, nsapato za anthu, ndikuganiza kuti munthu uja dziko lake lonse linali limeneli. Tsiku lina ndinaima nthawi yaitali pa pulatifomu ya sitima, maganizo amene anandibwerera si abwino. Ndinabwerera kunyumba osadziwa chimene chandibweza.

Anti anaona kuti ndikuwonda. Ankaganiza kuti ndi chisoni chabe, ndiye anandikakamiza kubwera kuno ku Edmonton Lamulungu lina. Ndikanakonda kukuuzani kuti denga linatseguka ndipo mngelo anatsika ndi lupanga. Yamikani wakale akanatero. Zoona zake n'zakuti hita yotenthetsa muno inali itawonongeka, tonse tinali m'majekete, ndipo abusa anali ndi chimfine. Ulaliki wake sindikuukumbukira, abusa mundikhululukire.

Chimene ndikukumbukira ndi nthawi ya zopempherera. Anti anaimirira. Mawu awo anali otsika.

“Abale, mundipempherere. Wodwala wanga anachita sitiroko. Ndinaona BP itakwera koma sindinaumirire. Akuntchito andiitana kuti ndikafotokoze, koma zimenezo si zimene zikundisowetsa tulo. Ndabwereza m'maganizo mwanga kambirimbiri, sindikupeza pamene ndinaphonya. Mwina ndakalamba, mwina ntchitoyi ndiisiye ndisanapweteke wina.”

Amayi angapo anapita kukawazungulira, n'kugwada nawo. Ine ndinali kumbuyo uko, pafupi ndi chitseko, chikwama chili pamiyendo, kamakina kali m'katimo. Mayi amene anandipezera ntchito, amene ananditcha maso awo, akupempha Mulungu awakhululukire tchimo langa. Palibe mawu anamveka kuchokera kumwamba. Ndinangodziwa kuti Mulungu bukulo analiwerenga kale, ndipo ankadziwa tsamba lililonse.

Titatuluka ndinawatsatira poimika magalimoto. Ndinatulutsa kamakina n'kuwapatsa. Anadina batani, sikanayake. Anandiyang'ana.

“Kuyambira liti?”

“Okotobala.”

“Kupaki?”

“Sanapiteko, Anti. Ngakhale pabenchi.”

“Phala?”

Ndinawauza za nyama ndi zakumwa zija. Ndinkadikira mbama, ndipo ikanandipepukira. Iwo anangotsamira galimoto kwa kanthawi, akuyang'ana kamakinako.

“Mawa eyiti koloko tikupita ku ofesi,” anatero. “Ukanena ndiwe, ndi pakamwa pakopo. Koma lero uyambe ndi mwini wake. Kwera.”

Tinalunjika kuchipatala kwa Bambo Lam.

Tinawapeza atawakhazika pampando pambali pa bedi, mapilo mbali zonse, mutu uli chiweramire monga mwa masiku onse. Mei anali pomwepo. Ndinaima patsogolo pawo. Dzanja lawo lamanzere linagwedezeka pang'ono, ndinadziwa kuti nsapato aziona. Ndinayamba kulankhula ndili chiimire, mawu akugwera pamutu pawo. Anti anandigunda m'nthiti.

“Kwanu munthu wamkulu mumalankhula naye mutaima?”

Abale, ine mwana wa ku Malawi, amene ndinaphunzitsidwa kunjuta pamaso pa akulu ndisanadziwe n'komwe kuwerenga, ndinagwira ntchito kwa bambo amenewa pafupifupi chaka chathunthu osatsikapo pansi kuti tionane. Ndinkawasambitsa ndili kumbuyo, ndinkawauza nthano ndili pamwamba. Tsiku limenelo ndinagwada. Ndi pamene ndinaona nkhope yawo yonse bwinobwino, ndipo iwo anaona yanga. Anandiyang'anitsitsa ngati mlendo.

Ndinanena zonse. Mabatire, manambala, batani la thalauza, mowa wa tsiku lija. Zina ankazidziwa, poti tinkadyera limodzi, koma zoti manambala amene dokotala ankadalira anali ongopeka sankadziwa. Kenako ndinatembenukira kwa Mei n'kumuuza kuti kupaki sanapiteko, nkhunda kunalibe. Mawu amenewo ndi amene anali olemera kuposa onse, chifukwa ndinkamulanda chinthu chokhacho chimene chinkamutonthoza. Anatenga chikwama chake n'kutuluka.

Bambo Lam anakweza dzanja lamanzere pang'onopang'ono n'kuliika pamutu panga. Linali lolemera. Apa ndi pamene nkhaniyi imandiyesa kwambiri, chifukwa ndimafuna kukuuzani kuti anandikhululukira. Sindikudziwa. Mwina ankandidalitsa, mwina ankafuna kundikankha koma mphamvu zinalibe. Sanathe kundiuza. Ndinakhala chigwadire pansi pozizira paja, ndipo pomwepo ndi pamene ndinapemphera koyamba pemphero langalanga. Linali lalifupi. Ndinati, Yesu, ndatopa ndi kunama, munditenge mmene ndililimu. Sindinamve moto kapena mphepo. Ndinangomva kuti sindikubisanso kanthu, ndipo ndinapuma mpaka pansi pa chifuwa, zimene sindinachite kwa masabata atatu.

Mawa lake ku ofesi ndinanena ndekha. Ntchito inatha tsiku lomwelo, ndipo ya keya sindingagwirenso. Ndi chilungamo chimenecho. Akuntchito anawamvetsa Anti, akugwirabe ntchito mpaka pano. Dokotala anati palibe angalumbire kuti sitirokoyo sikanabwera, poti matendawo anali atawadya kwa zaka zambiri. Koma anatinso akanaona manambala enieni, mankhwala akanayamba kalekale. Mawu onse awiriwo ndimayenda nawo.

Bambo Lam anawasamutsira kunyumba yosungirako okalamba. Ndinapempha kuti ndiziwaona, Mei anakana, ndipo sindimudandaula. Anamwalira chaka chomwecho masamba atayamba kugwa. Kumaliro sindinaitanidwe. Ndinamva kwa Anti.

Amayi ndinawaimbira n'kuwauza kuti sindine wam'chipatala, ndipo palibe dokotala anandifunsapo nzeru. Anati, “Ndinkadziwa. Dokotala wanji amene sayansi inamukanika fomu thuu?” Atatero analira, nanenso ndinalira, mpaka khadi inatha.

Pano ndimanyamula makatoni kumalo osungira katundu. Mowa ndinasiya, chaka chino n'chachiwiri. Nthabwala sizinathe, Mulungu sanandichotse lilime. Koma nkhani ikayamba kukula m'kamwa mwanga pali china chimandigwira, ndipo ndimabwerera n'kunena kuti ayi, anali galu. Nthawi zina kawiri patsiku. Nthawi zina kakhumi, ndipo apa sindikuwonjezera.

Ndikudziwa kuti muno ambiri mumagwira ntchito ya keya, ena ndinu anesi. Mawa m'mawa mukhala ndi buku m'manja, mwatopa, mwachedwa, basi ikukusiyani. Chonde lembani zimene zachitika. Ngati sanayende, lembani kuti sanayende. Ngati simunayeze, lembani kuti simunayeze. Kwinakwake kuli munthu amene awerenge zimenezo n'kusankha mankhwala. Ndipo wodwala akakupemphani zimene thupi lake silingathe, kumbukirani kuti chifundo chakwathu chija nthawi zina chimapweteka.

Ndikuyamika Mulungu amene anandibweza pa pulatifomu paja ndisanamudziwe n'komwe. Ndikuyamika Yesu amene anandiona nkhope ndili pansi, ine wabodza, osandikankha. Za dzanja la Bambo Lam sindikudziwa, koma za dzanja lake Iye ndikudziwa. Dzina lake lilemekezeke.

Ngati pali wina muno amene akuyenda ndi kake kamakina m'chikwama, chinthu chimene wabisa ndipo chikumulemera, usadikire Lachiwiri ngati langa lija. Bwera kutsogolo kuno. Ine ndigwada nawe, pansipa ndikupadziwa.

Abusa, mphindi khumi zija ndapitirira ndi zisanu ndi ziwiri. Ndayang'ana wotchi, n'zoona. Ambuye akudalitseni. Amen.